Abwinowo Muike Kutsogolo, Anthu Aone

M'tauni muno muli maphunziro atatu amene munthu amamaliza osapondako m'kalasi: mpira, ndale ndi matayala a galimoto. Pitani pa shedi iliyonse ya matayala, kaya ku Ndirande, ku Biwi kapena ku Chibavi, mukapeza kompuresa ikubangula, bafa lakale lodzaza madzi akuda oyeseramo chubu, ndi benchi ya akatswiri. Pa akatswiriwo, amene ali ndi galimoto ngowerengeka. Ena anabwera m'mawa kudzapopetsa njinga, nkhani n'kuwakomera.

Loweruka lina lakumapeto kwa mwezi, panatulukira bwana wa ka Toyota Vitz, matayala awiri atsopano ali pampando wakumbuyo, zomata zamitengo zikadali pomwepo. Awiri, chifukwa kugula anayi tsiku limodzi ndi za anthu a maalawansi. Bwana asanazimitse n'komwe injini, benchi yonse inali itazungulira galimoto, ndipo mwambo unayambika. Aliyense anamenya tayala ndi phazi kawiri, n'kugwedeza mutu ngati wamva uthenga wochokera m'kati. Ngakhale wovala patapata anamenya nawo, kenaka n'kumayenda motsimphina mwaulemu.

"Awa muike kutsogolo, aise," anatero bwana uku akuzunguza makiyi pachala.

Mnyamata wa matayala, ovolosi atamanga m'chiuno, anagwada n'kupapasa matayala onse anayi. "Bwana, atsopanowa malo ake ndi kumbuyo. Akumbuyowa akadali ndi moyo, tiwabweretse kutsogolo. Akutsogolowa ndiye apume."

Panagwa bata. Ngakhale kompuresa inakhala chete, koma imeneyo inali nkhani ya magetsi.

Woyamba kudzuka anali mkulu wina amene anasiya bawo lili pakati. "Mwana iwe, injini ili kuti? Kutsogolo. Chiwongolero chili kuti? Kutsogolo. Bwanayu amakhala kuti? Kumbuyo kumangolondola basi. Unayamba waonapo kumbuyo kukufika ku Limbe kutsogolo kusanafike?"

Dalaivala wa minibasi anathirira ndemanga. "Madala akunena zoona. Lakutsogolo likakuphulikira pa Zalewa uli pa liwiro, umakapereka moni kwa makolo tsiku lomwelo." Minibasi yake inali poteropo, tayala lakumbuyo likuonetsa mawaya.

Wa kabaza naye anali ndi mfundo yake: pa rodibuloko, maso a bwana wapolisi amayamba kugwera kutsogolo. Akakhutira kumeneko, ulesi wozungulira galimoto yonse padzuwa umathandiza.

Bwana sananene chifukwa chake, koma aliyense ankachidziwa. Masana kunali chinkhoswe kuchikamwini, ndipo galimoto imalowa pageti ndi mphuno. Ndife anthu amene timasita malaya kutsogolo kokha poti kumsana kubisika ndi jekete, ndipo nyumba timapenta khoma loyang'ana kumsewu. Tayala logulidwa ndi theka la malipiro lingakabisike kumbuyo, kumene amaliona ndi agalu okha?

Tisawanamizire akubenchi, sanaphonye zonse. Timagalimoto tambiri tam'tauni, ma Vitz, ma Passo, ma Honda Fit, timakoka ndi matayala akutsogolo. Matayala omwewo ndiwo amakhota, ndiwo amasenza kulemera kwa injini, ndiponso ndiwo amagwira ntchito yaikulu ukaponda mabuleki. N'chifukwa chake amatha msanga. Pamene benchi inasochera ndi pa funso loti: mvula ikagwa, ndi mbali iti imene ikaterereka ungaiwongole?

Mnyamata uja sanalimbane nawo ndi pakamwa. Anathira madzi pasimenti, n'kutenga bokosi la machesi. Analikankha molunjika, kenaka n'kuligunda pang'ono chakumbuyo ndi chala. Bokosi linazungulira n'kuyang'ana kumene linachokera.

"Tingalande tapatayalati ntchito yake n'kuchotsa madzi," anatero. "Tikatha, tayala limayandama pamadzi m'malo mogwira tala. Kutsogolo kukaterereka pakona, mumamva m'manja, chiwongolero chimapepuka, galimoto imafuna kupitirira. Mukachotsa phazi pamoto, imagwiranso. Koma kumbuyo kukaterereka sikutsanzika, bwana. Mumangoona mitengo ikuzungulira. Kumbuyo kulibe chiwongolero."

Zimene ankanenazo si nzeru zapashedi pokha. Makampani opanga matayala monga Michelin ndi Continental amalangiza zomwezo: ukagula awiri okha, apite kumbuyo, kaya galimotoyo imakoka ndi kutsogolo kaya ndi kumbuyo. Za kuphulikazo, tayala lotha limaphulika kulikonse kumene waliika, ndipo mankhwala ake ndi kulichotsa, osati kulisamutsa. Koma makampaniwo ali kutali, pamene mkulu wa bawo anali pomwepo, ndipo anali ndi imvi.

"Machesi si galimoto," anagamula mkuluyo. Benchi inavomera.

Mayi wina wa Toyota Sienta, amene ankadikira kuti amumatire tayala loponcha, anafunsa mofatsa: "Nanga buku la galimotoyi likuti chiyani, bambo?" Bwana anatsegula kabokosi kakutsogolo, anatulutsa malisiti, mankhwala a mutu, envulopu ya ukwati wa chaka chatha, kenaka bukulo. Linali la Chijapani kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Galimoto zathu zambiri zimadutsa pa Dar es Salaam zikulankhula chinenero chakwawo, ndipo mawu a mayi wa Chijapani amene amatilonjera m'mawa uliwonse tikaliza injini, palibe anawayankhapo. Bukulo linayenda m'manja mwa akatswiri onse. Dalaivala wa minibasi analigwira chadodolido n'kunena kuti likugwirizana ndi iye.

Apa m'pamene nkhani inalowera ku kasinthasintha wa matayala. Kwa opanga galimoto, nkhaniyi njachidule. Galimoto ikayenda makilomita 8,000 kapena 10,000, matayala asinthane malo kuti azithera limodzi. Pa galimoto yokoka ndi kutsogolo, akutsogolo amapita kumbuyo mbali yomweyo, akumbuyo amabwera kutsogolo mopingasa, lakumanzere kumanja, lakumanja kumanzere. Amene ali ndi kamuvi m'mbali kosonyeza kozungulirira sasintha mbali. Ukamatero kuyambira ali atsopano, funso la kutsogolo ndi kumbuyo silibwera n'komwe, chifukwa onse amakalamba pamodzi.

Koma kasinthasintha wathu ndi wofanana ndi wa nduna za boma: palibe amachotsedwa ntchito, amangosamutsidwa unduna. Tayala likalephera kutsogolo limatumizidwa kumbuyo. Likalephera kumbuyo kumanja limapita kumbuyo kumanzere, mbali ya kungalande, kumene wapolisi safikako. Likalephera kumeneko limakwezedwa paudindo kukhala sipeya. Sipeyayo amabwerekana anthu atatu pamdadada. Pomaliza penipeni limakwera padenga kukatsinjira malata, ndipo ngakhale kumeneko mwini wake amaliyang'anabe ndi diso loti tsiku lina likhoza kutsika.

Mnyamata wa matayala, poona kuti mlandu ukumuthawa, anaitana bwana kuti awerame. Anamuonetsa kamphira kotukuka kamene kamakhala m'kati mwa tingalande. Mphira wapamwamba akatha n'kulingana ndi kameneko, ndiye kuti patsala mamilimita 1.6, tayala lamaliza ntchito yake. Kenaka anapukuta m'mbali mwa tayala lina ndi malovu, n'kuloza manambala anayi akumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 3514. "Sabata ya 35, chaka cha 2014, bwana. A Michelin amati likafika zaka khumi lichoke, ngakhale lioneke bwanji."

Bwana anakhosomola. Limenelo analigula pa kaunjika, ndipo wogulitsa analumbira kuti linangoyendako pang'ono ku Japan, mwini wake anali gogo wongopita kutchalitchi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofuna kuti pasakhale wopita kwawo akudandaula, mkulu wa bawo anabweretsa chigamulo chamtendere: limodzi latsopano kutsogolo, lina kumbuyo, onse mbali ya dalaivala, poti ndi mbali imene anthu amaimirira akamakulonjera. Benchi inaomba m'manja. Mnyamata anagwira mutu. Matayala awiri oyang'anizana, lakumanzere ndi lakumanja, ayenera kukhala ofanana, apo ayi ukaponda mabuleki galimoto imakokera mbali imodzi. Atanena zimenezi, akubenchi anamuuza kuti ana amasiku ano alibe mwambo.

Bwana anayang'ana wotchi, anayang'ana benchi, n'kutsimikiza: "Kutsogolo. Ndipo muwapake polishi."

"Ndalama ndi zanu, bwana," anayankha mnyamata, n'kulowetsa jeke. Anamanga manati mosamala, anayeza mpweya ndi geji molingana ndi kapepala komata pafelemu yachitseko cha dalaivala, akatswiri n'kubwerezanso kuyeza ndi mapazi. Vitz inanyamuka ikunyezimira kumaso, kumbuyo kuli chaka cha 2014.

Mayi wa Sienta anadikira kuti fumbi litsike, kenaka anauza mnyamatayo chapansipansi kuti aone matayala ake onse, awiri abwinoko awaike kumbuyo. Benchi sinaone kanthu. Inali itayamba kale za mpira, ndipo mkulu wa bawo anali akufotokoza chimene kochi wa Flames samadziwa.

Inu a galimoto, mvula imayamba mu Novembala, ndipo makona a ku Chiweta ndi a ku Khwekhwerere safunsa amene anakuyamikirani pachinkhoswe. Ngati thumba lakwanitsa awiri okha, akhale kumbuyo. Ngati lina likuonetsa mawaya, likwere padenga lero. Achibale akafuna kuona matayala atsopano, azungulire galimoto, miyendo ali nayo.