Ulemu upite kwa kuka ya agogo

Anthu amatamanda mafoni atsopano ndi magalimoto ochokera ku Japan, koma sindinamvepo wina akuimirira pagulu kuyamikira kuka yakale ija ya mapuleti atatu ndi uvuni, imene yakhala pakona m'khitchini kuyambira nthawi ya Kamuzu. Ndiye lero ndiyankhulepo ine.

Tiyambe n'kuthokoza buku lake la malangizo, lomwe linatichitira chifundo chachikulu posowa. Kaya chinadya ndi chiswe, kaya mzungu amene anagulitsa kukayo anapita nalo kwawo, zili bwino. Likanakhalapo bwenzi aliyense akungowerenga n'kuyatsa, ndipo mayi wa pakhomo akanalemekezedwa ndi ndani? Manambala ambiri anafufutika, otsalawo ndi a Fahrenheit. Mwana akawerenga pafoni kuti masikono amafuna 180, amayi amangoseka n'kupotokola mpaka pamene kale pankalembedwa 350. Amapotokolanso ndi pulayala, poti nobu inathyoka asanabadwe mwanayo.

Koma ulemerero weniweni umaoneka elementi ya mu uvuni ikapsa. Kushopu amafuna nambala ya modelo, ndipo nambalayo ili pa kachitsulo kobisika, kokutidwa ndi mafuta a mibadwo itatu. Mumakoka kuka, mphemvu n'kubalalika, mumapezanso supuni imene wantchito wina anachotsedwera ntchito. Mumapala kachitsuloko ndi mpeni, kukopera nambala papepala, ulendo wa ku Limbe. Mnyamata wa m'shopu amaiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Mayi, izitu anasiya kupanga kalekale." Ndi katundu uti wamakono amene angakupatseni ulemu wotere?

Apa kuka imakuphunzitsani dera. Imakutumizani kumsika wa Ndirande, kumene mawu oti "palibe" sadziwika. "Ilipo, mayi, takhalani apa," ndipo munthu amalowa m'tinjira mpaka mumayamba kumuiwala nkhope. Amatulukira ndi elementi yozulidwa m'kuka ina yakufa, yotalikirapo pang'ono, n'kukutsimikizirani kuti ikapindidwa ilowa. Imalowadi. Ikafa thermostat, kachipangizo kamene kamadula magetsi kutentha kukafika pamlingo, akanganyase amangolumikiza mawaya molambalala. Nzeru imeneyi ikhoza kuotcha nyumba, ndipo ine sindikuilimbikitsa, koma onani mmene imaphweketsera moyo: uvuni umatsala ndi milingo iwiri yokha, kuzizira ndi Gehena. Chigumu chimatuluka chakuda kunja, chachiwisi m'kati, ndipo banja lonse limaphunzira kudya mosadandaula.

Imalunzanitsanso abale. Ikakhala ya Defy, kampani imene inayambira ku Durban mu 1905, mumakumbukira mwadzidzidzi kuti muli ndi mlamu ku Joni, yemwe chaka chonse simunamupatse moni. "Alamu, ana ali bwanji kumeneko?" Moniwo usanazizire, chithunzi cha swichi yopsa chafika kale pa WhatsApp. Kaphukusi kamakwera basi, kudutsa Zimbabwe ndi Tete, kulowera pa Mwanza, ndipo mukakatsegula mumapeza swichi yokongola ya modelo ina. Ubale ndiye wapita patsogolo, chifukwa tsopano muimbirananso. Ikakhala Belling ya ku England, ntchito imagwera mwana wa achemwali amene ali kumeneko, kusakasaka pa eBay usiku, mpaka atapeza buku lenilenilo, lachikasu ndi ukalamba, lomwe ndalama yotumizira imaposa mtengo wake. Bukulo limafotokoza bwinobwino ntchito ya mabatani amene kuka yanu ilibenso.

Ngakhale itatheratu mphamvu, sipempha penshoni. Mu uvuni mumasungidwa buledi kuti makoswe asamupeze, pamwamba pamakhala ndowa ya madzi. Bambo wa ku Ndirande uja naye anasiya kale nambala yake ya foni, akuti tsiku limene mudzatope nayo mumuuze msanga, chifukwa pali mayi wina ku Chilomoni amene akudikira chitseko chake.