Ulemu kwa Mfumu Chiwaya

Anthu a ku America amanyadira McDonald's, yemwe Ray Kroc anayamba kumufalitsa mu 1955, pomwe a ku South Africa akhala akukukuta nkhuku ya KFC kuyambira 1971. Kuno kwathu McDonald's sanapondeko n'komwe. Abwere kudzatani, poti mpando unatengedwa kale ndi Mfumu Chiwaya?

Kale tchipisi chinali cha tsiku la malipiro, kapena cha mwana amene wabwera m'tauni kudzaona azakhali. Wantchito ankathamangira kunyumba masana kukadya nsima. Mizinda itakula, minibasi n'kudula, chiwaya chinalowa m'malo mwa mthiko, moti lero pali anthu ambiri amene amakagwadira mfumuyi m'mawa, masana ndi usiku pochokera ku Bwandilo. Nyumba zake zachifumu zili ponseponse: pa Wenela, mu Limbe, pa Nsungwi, pa Zalewa, ngakhalenso pa Lizulu pomwe kachewere wa ku Ntcheu ndi Dedza amakwerera galimoto.

Mfumuyi ilibe tsankho. Bwana wa tayi ndi wakabaza amaima phewa ndi phewa, aliyense ndi kamtengo kake kotokosera, maso ali pa chidutswa chimodzi cha kanyenya. Palibe woperekera zakudya, palibe risiti. Kungoti “ikani cha faifi handiredi, aise,” nkhani yatha, ndipo wodziwa kucheza amapatsidwanso cholawa.

Nanga kusamala chuma! Boma litaika msonkho wa 16.5 peresenti pa mafuta ophikira mu 2020, n'kudzauchotsa mu 2022, ndiponso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amayi ambiri anayamba kuyeza mafuta ndi kasupuni. Mfumu Chiwaya sinatekeseke. Mafuta ake sapuma pantchito: amene anakazinga soseji Lolemba ndi omwewo akukazinga zigege Lachisanu, atada bii, odziwa ntchito, onunkhira mbiri ya sabata yonse. Kamulu ka tchipisi ndi kamene kanangochepa pang'ono, mwina pofuna kuteteza thanzi la makasitomala.

Malamulo nawo amaipatsa ulemu. Mapulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kutsimikiza chiletsocho mu 2019, koma kajumbo ka buluu kakadalandirabe tchipisi chamoto osasungunuka. Kolera atabuka mu 2022, n'kupha anthu oposa 1,700, anthu anayamba kuyang'ana saladi wa kabichi ndi diso lokayika, koma ndani angakwiyire mfumu kwa nthawi yayitali?

Azaumoyo okha ndiwo ansanje. Bungwe la WHO likuti munthu asapose magalamu 5 a mchere patsiku, pamene pachiwaya mchere amawaza ndi dzanja laufulu, tsabola wa kambuzi pamwamba. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera. Ndiye inu okagwada kumeneko katatu patsiku, pobwerera muzidutsirako kuchipatala akakuyezeni.