Ngwazi ya mimba ngati yanga ili kuti?

Kuyambira 1938, pamene Superman anayamba kuvala kabudula wamkati pamwamba pa buluku, ntchito yopulumutsa dziko m'mabuku a zithunzi a ku America inali ya mzungu wamwamuna. Wonder Woman anatulukira mu 1941, koma filimu yaikulu yakeyake anaiona mu 2017. Black Panther, amene Stan Lee ndi Jack Kirby anamupanga mu 1966, anapirira mpaka 2018. Kupirira kumeneko ine kulibe. Minibasi ikangochedwa kudzaza ndimayamba kulalatira kondakitala.

Pa bawo, amene ankakweza mawu kuti ife akuda sitioneka m'mafilimu amenewa ndinali ine. Ndiye filimu ya Black Panther itafika, ndi dziko lake la Wakanda, sindinagwirike. Chadwick Boseman ndi John Kani akuyankhulana Chixhosa, ndipo pakati pa nduna za mfumu pali Connie Chiume, amene bambo ake anali a ku Nkhata Bay! Ndinalengeza kuti ndi azakhali anga, chonsecho kwathu ndi ku Ntcheu.

Zinandivuta ndi mayi a kunyumba. Iwo anadziona mwa Okoye, mkulu wa asilikali aakazi ometa mpala, gawo la Danai Gurira wa makolo a ku Zimbabwe. Mthiko tsopano amaugwira ngati mkondo.

“Abambo, si inu munkalira kuti aliyense aoneke? Ine ndaonekatu. Mbale zili apo.”

Ndikutsuka mbalezo ndinadzifufuza m'Wakanda monse. Khungu ndi langa ndithu, koma pamimba tinasiyana. Anyamata aja ndi minofu yokhayokha, moti n'kukayika ngati nsima ya usiku amaidziwa.

Chiyembekezo chinabwera mu 2019, mu Avengers: Endgame, Thor atatulukira ndi chimimba, mowa uli m'manja. Uzungu wake ndinaukhululukira pomwepo, ndinaimirira n'kukuwa kuti, “Uyo ndine!” Koma anzake anangomuyesa choseketsa, ndipo pofika 2022 a Marvel, opanga mafilimuwa, anali atamuphwetsa mimba ija osatifunsa eni ake.

Choncho a Marvel, tipatseniko ngwazi ya mimba, ya dazi, ya ngongole ya katapila. Munthu wake musavutike kufuna. Mphamvu ndili nayo kale: mwezi ukatha, eni nyumba akagogoda, sindioneka ngakhale kwa galu wanga.

Mayi a kunyumba akuti ndisadzivute, Sue Storm wa Fantastic Four ankazimirira kale mu 1961, ndipo nayenso ndi mzimayi.