Kodi Kachip Aka Amakapanga Ndani?

Mnzanga amene ndimakhala naye kuno ku Jumeirah Village Circle amakonza makompyuta a masewera. Tsiku lina anamasula khadi yoonetsa zithunzi, ija amati GPU, n'kuchotsa timafani take. Pansi pake panali kachip konyezimira, kosakwana masentimita atatu m'mbali, atalembapo kuti Nvidia. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, fakitale ya Nvidia ili kuti?" Iwo anati, "Alibe."

Alibe bwanji? Akuti Nvidia imangojambula mapulani, opanga ndi a TSMC a ku Taiwan, kampani imene Morris Chang anayambitsa mu 1987. Ndiye kuti chimanga n'chako koma chigayo n'cha eni. Nanga dziko lonse lingamagayitse pachigayo chimodzi? Mu 2021 ku Taiwan kunagwa chilala, mpaka madzi a m'fakitale ankachita kubwera pamagalimoto. Pa 3 April 2024 kunachitika chivomezi, antchito ena n'kutulutsidwa panja. Anthu ogula sachita mantha?

Kusamuka a Nvidia anayesapo. Machip a makhadi a RTX 30 mu 2020 anawapanga ndi a Samsung, koma pofika RTX 40 mu 2022 Nvidia inali itabwerera ku TSMC. Anabwereranji? Achimwene akuti machip amasindikizidwa ambirimbiri pambale yozungulira ya silikoni, ya masentimita 30 m'mimba mwake. Kafumbi kamodzi kakagwerapo, chip ya pamenepo yafa, ndipo ya GPU poti ndi yaikulu, n'kovuta kuti izembe. Ndiye aliyense amathamangira kwa amene amalemba timizere tating'ono kwambiri, koma osataya zambiri.

Chondizunguza mutu chenicheni chili pafupi pompano, ku Abu Dhabi. Mu 2009 kampani ya AMD, yopikisana ndi Nvidia, inapatula mafakitale ake kukhala GlobalFoundries, ndipo ndalama zinachokera ku Abu Dhabi. Mubadala, thumba la boma la kumeneko, ndiye anakhala mwini wamkulu. Koma mu 2018 GlobalFoundries inasiya kuthamangira luso la 7nm, lolemba timizere tating'ono kwambiri, AMD nayonso n'kupita ku TSMC konkuja. Mafakitale ake ali ku Dresden, ku Singapore ndi ku America. Bwanji kuno kulibe? Ndalama zilipo, magetsi sathimathima, ndipo ndamva kuti silikoni amachokera ku mchenga. Chikusowa n'chiyani?

Akuti makina olembera timizere tochepetsetsa timeneti amapangidwa ndi kampani imodzi yokha, ASML ya ku Netherlands, ndipo ngakhale uwagule, pamafunika akatswiri amene akhala pantchitoyi zaka zambirimbiri. Zandimvekera ndithu, koma mtima sunakhazikike. Ngati a Abu Dhabi ndi chuma chawo chonsecho anaimira panjira, wina amene angafike ndani? Nanga tsiku limene zombo ndi ndege zidzalephere kuchoka ku Taiwan, makhadi amene achimwene amakonzawa adzachokera kuti?