Ku Mzuzu Tsiku Lililonse ndi Lachisanu

Pali anthu amene ndalama ikawapeza amagula malata. Ena amagula feteleza, ena mbuzi. Ine chipeleganyu cha kuntchito chitandigwera mwezi wa July, ndinagula chimfine, ndipo ndinachita kukachitenga ndekha pamtunda wa makilomita oposa 350.

Nzeruyi anabwera nayo ndi mnzanga Gondwe. Mkuluyu timagwira ntchito limodzi ku Lilongwe, ndipo ali ndi nthenda imodzi yosachiritsika: chilichonse chokoma padziko lino amati chinachokera kumpoto. Mpunga ndi Kilombero wa ku Karonga, khofi ndi wa ku Misuku, nsima ndi kondowole wa ku Nkhata Bay. Ngakhale mpweya, akuti wa ku Mzuzu umakhutitsa.

"Amwene," anatero tsiku lina tikudya tchipisi cha pachiwaya, "mabwana akatopa amapita kokapumula kumapeto kwa sabata. Ife tinalakwira ndani? Tiyeni ku Mzuzu. Lachisanu kupita, Lamulungu kubwerako."

Kupumula kumene ine ndimakudziwa ndi kugona chagada pamkeka, wailesi ili pamimba. Zoti munthu n'kulipira basi kuti akatopere kwina zinali zachilendo. Koma mawu oti "mabwana" anandilowa ngati jakisoni, ndipo ndinavomera ndisanameze mbatata imene inali m'kamwa.

Lachinayi madzulo ndikulongedza, mayi a kunyumba anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno.

"Bambo a Chisomo, tengani jekete ija. Kumeneko akuti kumazizira zosaseweretsa."

Apa m'pamene ndinatulutsa sukulu yanga yonse. Ndinawafotokozera kuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250. Kusiyana kwake ndi mamita 200 okha, kamtunda kamene Chisomo amathamanga pokagula machesi. Ndinawakumbutsanso kuti ine ndinabadwira ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, kumene dzuwa linandiotcha zaka 20. Kutentha konseko kunapita kuti? Kuli m'thupi muno. Ine ndine fulasiki.

Iwo sanatsutse. Anangoti, "Chabwino, a fulasiki," n'kubwerera kukhitchini. Pa zaka zonse za banja lathu ndinayenera kudziwa kuti mkazi wanga akavomera msanga ndiye kuti watumiza nkhaniyo kwa Mulungu.

M'chikwama ndinaikamo shati yamaluwamaluwa ya manja aafupi, kabudula wosambira chifukwa Gondwe anati mwina tikatsikira kunyanja, ndi magalasi a dzuwa. Kudepoti ndinapeza mnzangayo atavala juzi, pamwamba pake jekete, m'khosi sikafu, kumutu chipewa chaubweya. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamufunsa ngati akupita kwawo kapena ku Russia. Iye anangondiyang'ana ndi maso achisoni, ngati mmene munthu amayang'anira nkhuku pa 24 December.

Mpaka ku Kasungu zonse zinali bwino. Ndinatsegula zenera, chigongono panja, magalasi kumaso. Pa Jenda tinatsika kukawongola miyendo pakati pa milu ya tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere, ndipo kamphepo kena kanandinong'oneza m'khutu. Sindinakamvere. Koma titayamba kukwera mapiri a Viphya dzuwa likulowa, fulasiki inayamba kudontha.

Ku Chikangawa kunali nkhungu yoti woyendetsa basi ankachita kusuzumira ngati wataya ndalama pamsewu. Gondwe, ali phee m'zovala zake, anayamba kundiphunzitsa mbiri. Akuti nkhalango ya paini imeneyi ndi ya mahekitala oposa 50,000, ndipo inadzalidwa kuti pakhale fakitale yopanga zipangizo za mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. Ine ndinkangowerenga zitsa ndi milu ya matabwa m'mbali mwa msewu, mumtima ndikuti: nkhuni zonsezi, palibe ndi mmodzi yemwe woganiza zokoleza moto?

Tinalowa mu Mzuzu usiku, kukuwaza kamvula kopanda ulemu, kosagwa kuchokera kumwamba koma kobwera cham'mbali n'kulowera m'khwapa. Nditaponda pansi ndinamva ngati wina wandithira madzi a mufiriji kumsana. Pomwepo ndinazindikira chinsinsi cha dzina la tsikulo. Kwathu Lachisanu ndi tsiku lotsatira Lachinayi. Ku Mzuzu mwezi wa July, Lachisanu ndi tsiku la chisanu, ndipo limayamba Lolemba.

Gondwe anali atandiphunzitsa moni wa Chitumbuka m'basi. Munthu akati "Muli uli?" uziti "Nili makora." Zosavuta. Koma mnyamata wa pamalo ogona alendo atandilonjera, chibwano changa chinali chitayamba kale ntchito yakeyake. Chimene chinatuluka ndi "Nili ma-ko-ko-ko-ko," mpaka tambala wa kuseri kwa mpanda anayankha.

Dzina la malowo sinditchula, chifukwa anthu ake anali aulemu ndipo mlandu sunali wawo. Anatipatsa chipinda cha mabedi awiri, bedi lililonse bulangete limodzi. Bulangete langa linali loti ukaliyang'anitsa pababu umaona nkhope ya mnzako mbali inayo. Gondwe anagona ndi zovala zake zonse, ndipo pasanathe mphindi zisanu anayamba kuliza mkonono wa munthu amene ali kwawo. Ine ndinavala shati zonse ziwiri, kabudula wosambira ndinamuvala kumutu, miyendo ndinailowetsa m'chikwama. Ndinayesa kufunda katani ya pazenera. Ndinayesa kupemphera. Ndinaganizapo zokalowa m'bulangete la Gondwe, koma ubwenzi uli ndi malire ake.

Cha m'ma 1 koloko ndinaona kuwala kofiira pansi pa chitseko. Nditatuluka ndinapeza mlonda, bambo wachikulire wovala chikhoti chofika m'mawondo, atakhala pabenchi ndi mbaula pakati pa miyendo. Makala anali ngwee, pamwamba pake mbatata ziwiri zikupsa. Sindinapemphe. Ndinangokhala pansi n'kutambasula manja ngati ndikudalitsa mbaulayo.

"Mwachokera kuti, adada?"

"Ku Lilongwe. Koma kwathu ndi ku Chikwawa."

Anandiyang'ana kuyambira pa kabudula wa kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu. "Phepani chomene."

Anandibenthulira mbatata, kenako anandipatsa phunziro limene masamu anga a mamita 200 analiiwala. Akuti miyezi imeneyi mphepo ya mwera imawomba panyanja, imatenga chinyontho, ndiye ikamakwera mapiri kubwera kuno imazizira n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kaja. Chisanu cha ku Lilongwe n'chouma, chimakumenya m'mawa n'kukusiya dzuwa likatuluka. Cha kuno n'chonyowa, chimalowa m'mafupa n'kuyala mphasa. Ndinagona pabenchipo mpaka mbandakucha, mutu uli paphewa la mlonda. Ndiye kuti ndinalipira chipinda kuti chikwama changa chigone pabwino.

Za kusamba m'mawa wa Loweruka tisakambe zambiri. Anatibweretsera ndowa ya madzi otentha, koma pochoka kukhitchini kufika kubafa anali atasintha maganizo. Ndinasamba pasipoti: nkhope yokha, malire m'khosi. Ziwalo zina ndinaziuza kuti tikaonana ku Lilongwe.

Gondwe anali ndi ndondomeko yoti tione mzinda. Tinakwera njinga za kabaza, zimene kumeneko amazitcha sakaramento, ndipo dzinali ndinalimvetsa pamtsetse woyamba: mphepo itandiwomba pachifuwa ndinalapa machimo onse, ndi a chaka chamawa omwe. Iye ali panjinga yakutsogolo ankaloza uku ndi uku. Uko ndi ku Katoto, uko ku Chibavi kumene anakulira, uko ku Mchengautuwa, msewu uwu ukupita ku Luwinga kumene kuli Mzuzu University. Akuti tauniyi inayamba cha m'ma 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, yofinya mafuta, ndipo inakhala mzinda mu 1985. Zonsezi ndinazimva ndi khutu limodzi, linalo linali litafa kale. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti mzindawu ndi wobiriwiradi ngakhale mu July, pamene ku Lilongwe udzu umakhala utasanduka fumbi. Koma kubiriwira kumeneko ndinali nditadziwa mtengo wake.

Tinalowa pena pake kukamwa khofi wotchuka uja, amene alimi ang'onoang'ono amalima kumapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya. Ine ndinakulira tiyi wa masupuni anayi a shuga, choncho za kakomedwe musandifunse. Ndinaitanitsa makapu atatu motsatizana, osati kuti ndimwe, koma kuti ndizigwira. Mtsikana woperekera zakumwa anauza mnzake kuti sanaonepo munthu wokonda khofi chonchi.

Ku Taifa Market, kumene zitenje za ku Tanzania zapachikidwa mpaka kudenga ndipo Chiswahili chimamveka ngati uli ku Mbeya, ndinayamba kuyeza chitenje m'maso kuti chingandikulunge kangati. Gondwe anandikoka dzanja. "Amwene, musatichititse manyazi. Tiyeni pakaunjika."

Pakona ina tinapeza mayi atayala zovala za mphepo. M'maso mwanga munagwa chikhoti chofiirira, chokhuthala, cha ubweya wofewa m'kolala ndi lamba wake m'chiuno. Nditachigwira ndinamva ngati ndagwira dzanja la mayi anga ondibala.

"Amavala saizi yanji?" anafunsa mayiyo.

"Ndani? Ndi ineyo."

Anakhala kaye chete. Anayang'ana Gondwe, Gondwe anayang'ana kumwamba. Kenako anayang'ana milomo yanga imene inali itachita mbuu, n'kunena kuti, "Yesani, adada." Nditavala anaomba m'manja. "Ngati anachita kukuyezani!"

Sindinanenerere mtengo. Munthu amene akumira safunsa kuti bwato ndi zingati. Ndalama ya ulendo wa ku Nkhata Bay, makilomita osakwana 50 kutsikira kunyanja kofunda, inathera pomwepo, pamodzi ndi ya nsomba ya batala imene tinalonjezana.

Koma abale, moyo unabwerera. Ndinamanga lamba, ndinaimika kolala, ndinavala magalasi a dzuwa ngakhale dzuwalo linali patchuthi. Ndinayenda m'tauni ngati nduna yoona za nyengo. Anthu ankatembenuka kundiyang'ana, atsikana ankagwirana m'mapewa, anyamata a sakaramento ankaimba mabelu. Ndinauza Gondwe kuti anthu akumpoto amadziwa kulemekeza munthu wovala bwino. Iye anavomera ndi mtima wonse, ndipo anandiimika pafupi ndi nsanja ya wotchi ya pa raundabauti kuti andijambule. Ndinaika dzanja limodzi m'chiuno. Anajambula kasanu. Ndinafuna kuika chithunzicho pa WhatsApp kuti a ku Lilongwe aone mmene mabwana amapumulira, koma bandulo inali itatha. Umphawi unandipulumutsa, ndipo sindidzaunyozanso.

Lamulungu m'mawa tili kudepoti, mayi wina wooneka kuti akuchokera ku mapemphero a m'mamawa anandigwira mkono mwaulemu.

"Achimwene, pepani, chikhotichi mwagula pati? Ndakhala ndikusaka chotere. Kapena mwabwereka kwa alamu?"

Ndinati sindikumva. Iye, mwachifundo cha mayi wa mvano, anandionetsa kuti mabatani ali kumanzere. Anandionetsa mmene chinapanikizira m'chiuno n'kutambasuka m'munsi. Pomaliza analoza malo awiri otakasuka a pachifuwa, amene ine ndinkayesa nzeru za azungu zosungiramo katundu, ndipo n'kuti mbali ina muli foni, mbali ina mandasi.

Ndinacheukira Gondwe. Anali atagwira mtengo wa magetsi, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwee.

"Unadziwa?"

"Kuyambira dzulo, amwene. Koma munali mutasiya kunjenjemera. Ndikanatani?"

Mukuganiza kuti ndinavula? Kutsogolo kunali Chikangawa. Ulemu ndi wabwino, koma safunda. Ndinakhala pampando wa pazenera, kolala ili m'mwamba, ndipo kondakitala atati "Amayi, tikiti," ndinapereka osatsutsa. Ndinadzavula tili pa Kasungu, n'kuchipinda bwinobwino pansi pa chikwama.

Kunyumba ndinafika ndikuyetsemula ngati mbuzi. Mayi a Chisomo anandilandira chikwama, ndipo monga mwa mwambo anayamba kufufuza za m'katimo. Ndili kubafa kubweza ngongole ya masiku awiri, ndinamva mawu ozizira kuposa Chikangawa.

"Bambo a Chisomo. Chikhoti cha mzimayi ichi n'chandani?"

Njira zinali ziwiri. Kunena zoona, kuti fulasiki ya ku Nchalo yazungulira mzinda wa Mzuzu masiku awiri itavala ngati mkazi wa bwana. Kapena kukhala chete, nkhani n'kukafika kwa ankhoswe. Ndili ndi sopo m'maso ndinapeza njira yachitatu.

"N'chanu, mayi. Ndimafuna ndikudzidzimutseni."

Kunali zii. Kenako ndinamva nthungululu. Chinawakhala ngati anabadwa nacho. Akuti pa zaka zonsezi aka n'koyamba kuwagulira chinthu chowakwana, chosakhala poto. Anangodabwa pang'ono kuti chikununkha mandasi. Lamulungu lotsatira anachivala kutchalitchi, ndipo amayi anzawo akuti akhala akutuma amuna awo kuti adzandifunse nzeru. Panopa iwo ndi amene akundikakamiza kuti July wamawa ndidzapitenso, akufuna nsapato zake.

Mayi a Chisomo tsamba lino sawerenga, nyuzipepala amayalira m'kabati, choncho chinsinsichi chili pakati pa inu ndi ine. Ndi Gondwe. Zithunzi zisanu zija sanafufute. Sabata iliyonse ikamatha, nthawi ya nkhomaliro, amatulutsa foni, amaiyang'ana, amandiyang'ana, n'kufunsa ngati alamu ali bwino. Ine ndimadzuka mwakachetechete kukalipira tchipisi cha anthu awiri, chake cha mazira. Ku Mzuzu ndinagonako masiku awiri okha, koma Lachisanu lililonse ndimanjenjemerabe.