Bwana wopanda khadi

Kumapeto kwa Novembala 2021, kolona atabwera ndi dzina latsopano loti Omicron, nduna ya zaumoyo kuno ku Zambia mayi Sylvia Masebo analengeza kuti ogwira ntchito m'boma afunika kubayitsa katemera kuti aloledwe pantchito, komanso kuti wolowa m'maofesi a boma azionetsa khadi. Anati za antchitozo akambirana ndi mabungwe awo. Ife a ku Chipangali sitinatekeseke kwenikweni. Boma lathu la Chipangali linapatulidwa ku Chipata mu 2018, koma ambirife timalowa mu ofesi pokhapokha tikataya chitupa, ndipo kumunda kulibe mlonda.

Amene anatekeseka ndi mlamu wanga, mphunzitsi. Kuyambira mu Epulo chaka chomwecho, pamene katemera wa AstraZeneca anafika m'dziko muno, iye ndi amene ankatiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango kuti obayitsa onse adzamwalira pakatha zaka ziwiri, ndipo asanamwalire supuni izimata pamkono pawo. Koma atangomva wailesi, m'mawa mwake ndinamuona akupalasa njinga molunjika kuchipatala, malaya atapinda kale.

"Nanga zaka ziwiri zija, alamu?" ndinamufunsa.

"Alamu, imfa akuti ibwera pakatha zaka ziwiri. Ngongole ya pa malipiro imabwera mwezi uliwonse."

Munthu wophunzira sasowa yankho. Anandifotokozeranso kuti ku Zimbabwe boma silinanyengerere: kuyambira mu Okutobala 2021 wantchito wake wosabayitsa ankaletsedwa kulowa pantchito, malipiro osalandira. Ku Malawi, kuseri kwa malire a Mwami uku, nduna yawo mayi Khumbize Kandodo Chiponda analengeza mu Disembala zokakamiza ena mwa antchito monga a zaumoyo, bungwe la Malawi Human Rights Commission n'kutsutsa. Kwathu kuno mawu anafewa msanga, n'kubwerera pa mfundo yakale yoti katemera ndi wodzifunira. Mlamu anamva zimenezi mkono utatupa kale.

Ine ndinatolapo mfundo ina. Ngati bwana angathe kulamula, ndiye kuti nanenso ndingathe, pakuti mu Disembala ndimakhala bwana. Soya akamera pamodzi ndi udzu, ndimalemba amayi a ganyu kuti andipalire, ndipo ndimalipira ndalama kapena meda za chimanga. Chaka chonse palibe amandiimirira ndikamadutsa, ngakhale galu wanga yemwe. Nanga mwayi wokhala nduna m'munda mwanga ndikanautaya bwanji?

Ndinavala jekete, dzuwa lili pamutu, n'kukaima pachulu.

"Amayi, kuyambira mawa, wopanda khadi la katemera asagwire khasu m'munda muno. Ndi lamulo."

"La ndani, atate?"

"La... oyang'anira munda."

Sanatsutse. Anangoyang'anizana, mmodzi n'kubisa kukamwa ndi chitenje. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mwaulemu, ndikuganiza zoti chaka chamawa ndidzayambitse yunifolomu.

M'mawa mwake onse anabwera ndi makhadi, atakulunga m'mapepala a shuga kuopa mvula. Ndinali nditaiwala kuti amayi amapita kusikelo ndi ana mwezi ndi mwezi, ndipo singano anaizolowera kuyambira ali ndi pakati. Wamkulu mwa iwo, agogo amene anandiona ndikuyenda wopanda kabudula, anaika khasu pansi.

"Athu ndi awa. Tsopano tionetseni lanu, abwana."

Apa ndiyenera kufotokoza bwino, kuti anthu asandinamizire. Ine sindinakhulupirire za supuni, kapena za 666, kapena zoti mwamuna akabayitsa m'nyumba mumazizira. Nkhuku zanga ndimazidonthezera katemera wa chitopa m'maso popanda kuzifunsa maganizo. Ndinaonanso maliro a mu Juni ndi Julayi 2021, pamene tinkaika anthu mothamanga, opanda kugona pasiwa. Katemera ndimamulemekeza kwambiri. Vuto langa ndi kanthu kosongoka kamene amadzera.

Ndinayesa kunena kuti lamulo limakhudza antchito okha, osati eni kampani. Agogo aja anati kolona sawerenga kuti mwini munda ndani, ndipo iwo sangaike moyo wawo pachiswe popalira pafupi ndi munthu wosabayitsa amene amangoyendayenda m'mizere n'kumalankhula. Mlamu, amene anabwera kudzaonerera basi, anathira mchere pachilonda: akuti ngati ndikufuna kukhala bwana weniweni, pali lamulo la Employment Code Act la 2019, ndipo muli nkhani za malipiro ndi tchuthi. Amayi atamva za tchuthi anakhala pansi, miyendo n'kutambasula.

Boma likamalamula limakhala litagwira malipiro a munthu m'manja. Ine ndinagwira chiyani? Mu Disembala, kuyambira ku Mgubudu mpaka kulowera ku Lundazi, aliyense wa munda amafuna wa ganyu, ndipo udzu sudikira kuti zokambirana zithe. Woyandikana nane munda anali ataima kale kumalire, akumwetulira, m'manja muli ndalama zosinthasintha.

Anandiperekeza kuchipatala amayi atatu, wina kutsogolo, awiri kumbuyo, kuopa kuti ndingakhotere kumowa. Ndinapempha wa Johnson & Johnson, osati chifukwa chodziwa sayansi yake, koma ndinamva kuti ameneyo amabaya kamodzi. Anamwino anandiuza kuti ndiyang'ane kukhoma. Anthu amanena kuti ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale. Ine ndikukumbukira kuti ndinangotsokomola.

Mu 2022, Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza kuti dziko lafika pa 70 peresenti ya oyenera kubayitsa, ndinauza mayi a kunyumba kuti m'chiwerengerocho muli dzanja langa monga wolemba anthu ntchito. Anandikumbutsa kuti mkono utatupa ndinagona pamphasa ndikubuula, gawo langa lopalira n'kupatsa amayi omwe aja, ndipo iwo anakweza mtengo wa mzere. Anati meda yowonjezerayo ndi yolipirira kuperekeza abwana.