Chikumbutsa Nkhwangwa n'Chisanu, Nanga Sipeya?

Makolo athu ankadziwa kumuseka munthu popanda kumutukwana. Akaona bambo wa pakhomo ali jijirijijiri mwezi wa Juni, akusuzumira kuseri kwa nkhokwe uku akukalipira ana kuti nkhwangwa yake anaiponya kuti, ankangopukusa mutu n'kunena kuti chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Chilimwe chonse ndi dzinja lonse nkhwangwayo inali gone pa udzu, mpini ukudyedwa ndi chiswe, mwini wake akuilumpha popita kumowa. Lero mphepo yalowa m'mafupa, pamoto palibe chikuni, ndiye nkhwangwa yasanduka m'bale wa bere limodzi.

Ena amati miyambi yotere inatha ntchito poti tikuphikira makala ndi magetsi. Amenewo akaime pa Chongwe, makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, aziona zodutsa mu Great East Road. Mabasi ochokera pa siteshoni ya Intercity alunjika ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 550. Malole akuthamangira kumalire a Mwami. Maminibasi ali piringupiringu, ndipo ma Canter odzaza makala mpaka kupendekeka akukwawira ku Lusaka. Galimoto iliyonse pamenepa ili ndi nkhwangwa yake, kapena imayenera kukhala nayo. Dzina lake ndi sipeya, ndipo chisanu chake sichibwera mwakachetechete, chimangoti phuu!

Tsoka la sipeya n'lakuti ndi wapaulendo yekhayo amene sadula tikiti. Imadya malo, imalemera, imamwetsa mafuta, koma madzulo powerengera ndalama siibweretsa ngakhale ngwee imodzi. N'chifukwa chake kondakitala akaona thumba la mbatata likusowa pokhala, maso ake amagwera pa sipeya. "Itsaleko lero lokha, tiitenga pobwera." Lero lokhalo limatha miyezi.

Eni masipeya alipo a mitundumitundu. Wina ali nayo ndithu, yatsopano, koma ilibe mpweya, pakuti tayala limaphwa pang'onopang'ono ngakhale lili phee m'buti, ndipo chiigulireni galimoto sanaligwirepo ngakhale ndi chala. Wina sipeya yake ndi tayala lomwe analichotsa chifukwa linatha, mawaya akusuzumira, koma m'malo mopuma pa ntchito linakwezedwa udindo. Wina zonse ali nazo kupatula jeke, yomwe anabwereka alamu chaka chatha ndipo kuitanitsa kungadanitse pachibale. Ndiye pali wa galimoto yochokera ku Japan, ya kasipeya kowonda kaja ena amati kabisiketi. Pa kameneka analembapo poyera kuti liwiro lisapyole makilomita 80 pa ola, ndipo ntchito yake n'kukufikitsa kwa womata matayala basi. Mwini wake amakaika lero, mwezi wamawa mudzakumana naye ali pa kabisiketi komweko akupita ku ukwati ku Katete, m'galimoto muli anthu asanu ndi mbuzi.

Mvula ikatha, pa Chongwe pamadutsanso nyumba zoyenda. Alendo ochokera ku Ulaya ndi ku South Africa amalowera ku South Luangwa kudzera ku Chipata ndi Mfuwe, ena kunyanja ya Malawi. Zina mwa nyumbazi ndi malole enieni a MAN kapena Unimog omwe anawamangira chipinda kumbuyo: bedi, firiji, chimbudzi, thanki ya madzi, masola padenga. Kumbuyo kwenikweni kumakhala kutapachikidwa chitayala, nthawi zina ziwiri. Anyamata a pa siteji amaseka: "Mzungu uyu ngwamantha, wanyamula shopu yonse." Asekeni, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Tayala la lole la saizi 22.5 pamodzi ndi limu yake yachitsulo limalemera makilogalamu pafupifupi 90, ena kuposa pamenepo. Amuna awiri amalinyamula akubuula. Manati ake nthawi zambiri amakhala khumi, omangidwa molimba kanayi kapena kasanu kuposa a galimoto yaing'ono, kotero kuti pomasula pamafunika paipi yaitali ndi munthu wonenepa woidumphira. Mpweya wakenso ndi wochuluka katatu kapena kuposa.

Tsono chinthu chotere uchisunga pati? Padenga n'potheka uli kwanu, anzako ali pomwepo kukuthandiza kukweza. Kutsitsa kwake kumachitikira kuthengo, muli awiri ndi mayi a kunyumba, ndipo tayala likapulumuka m'manja silifunsa njira. Kuwonjezera apo, katundu wolemera wa pamwamba amapendeketsa galimoto pa makona. Pansi pa galimoto m'pabwino poti sipaoneka, ndipo vuto lake ndi lomwelo: sipaoneka. Matope amamatirira, dzimbiri limagwira tcheni chotsitsira, ndipo tsiku lofunika limakupeza uli chagada pa fumbi, ukumenya chitsulo ndi mwala uku ukutchula mayina a anthu osalakwa. Kuliika m'kati ndiye kuti wina agone panja. Ambiri amasankha kumbuyo, pa chitsulo cholimba chokhala ndi kachingwe kotsitsira pang'onopang'ono. Koma nakonso kuli msonkho wake. Kulemerako kumapsinja matayala akumbuyo, kutsogolo n'kupepuka, ndipo dzuwa limang'amba mphira, n'chifukwa chake amaliveka chinsalu. Pamwamba pa zonsezo amakhomapo loko, pakuti m'dziko muno muli anthu ena akhama amene amakumbuka nkhwangwa za anzawo chisanu chisanafike.

Ku America nyumba zoyenda zikuluzikulu zambiri zimagulitsidwa zopanda sipeya n'komwe. Maganizo ake ngakuti ngakhale mwini wake akhale nalo tayala, sangalisinthe yekha, bola aimbe foni abwere akatswiri ndi galimoto yawo. Nzeru imeneyo njabwino kwawoko. Kaiyeseni ku Manenekela, kupitirira Rufunsa, kumene msewu umakhotakhota m'mapiri potsikira ku mlatho wa Luangwa womwe unatsegulidwa mu 1968. Kumeneko foni imagwira pena, pena ayi, ndipo ikagwira, amene mwamuimbirayo amayamba n'kufunsa kuti mafuta obwerera kumeneko alipira ndani.

Apa m'pamene mwambi wa makolo wafika poluma kuposa kale. Agogo akaiwala nkhwangwa ankapita kwa mnansi. Ankawaseka, inde, koma ankawabwereka, ndipo nkhwangwa ya mnzako imadula mtengo uliwonse. Tayala lili ndi mwambo wake. Limu ya mabowo anayi siilowa pa mabauti asanu, ya asanu siilowa pa asanu ndi limodzi, ndipo ngakhale mabowo afanane, saizi ikhoza kukana. Galimoto khumi zikhoza kuima, onse a mtima wabwino, onse akupepesa, koma wokhala ndi tayala lako palibe. Galimoto ikakula ndi kukhala yachilendo, abale akenso amachepa. Wa minibasi angapeze tayala logwirapo kale ntchito pa Chongwe pompano. Mlendo wa Unimog akaphulitsa lomaliza, ayambe kuphunzira kudya nsima, chifukwa akhalitsa.

Amene amayenda msewuwu chithunzi ichi amachidziwa. Basi yaima pambali. Mumsewu ayalamo nthambi zaziwisi m'malo mwa matrayango. Apaulendo atsika, ena akuwongola miyendo, ena akupereka malangizo a umakaniko omwe sanawaphunzire kulikonse. Mayi wina wa mwana kumbuyo amafunsa mwaulemu:

"Ba dalaiva, nanga sipeya?"

"Ilipo amayi, musade nkhawa."

"Nanga bwanji simukuiika?"

"Ndi yomweyi yaphulikayi. Tinaiika dzulo ku Nyimba."

Kondakitala amagubuduza tayala, n'kuimitsa lole, ulendo wokamatitsa. Amati abwera posachedwa, ndipo aliyense amadziwa tanthauzo la posachedwa. Dzuwa limalowa. Ngati uli mwezi wa Julaye, mphepo ya m'mapiri imayamba kufunsa aliyense kuti juzi anaisiya kuti. Amuna amagwirizana zosonkha moto, amalowa m'tchire kukafuna nkhuni, n'kupeza chikuni chabwino chouma, chachikulu, chofunika kuwaza. Amayang'anana. Basi yonse, anthu oposa makumi asanu, palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi nkhwangwa.

Sikuti nzeru ya sipeya inabwera dzulo. Galimoto zoyambirira zinalibe, tayala likabowoka woyendetsa ankavula jekete n'kumata pomwepo. Mu 1904 abale awiri a banja la Davies a ku Llanelli, m'dziko la Wales, anayamba kupanga gudumu lapadera lotchedwa Stepney, lomangirira pambali pa lophwalo kuti munthu akafike. Zaka zoposa 120 zapita, galimoto zaphunzira kulankhula ndi kuuza munthu njira, koma woyendetsa sanaphunzirebe kutsegula buti Loweruka m'mawa.

Chonsecho eni dziko la Chongwe, Asoli, phunziroli amalipereka chaka ndi chaka. Mvula isanagwe amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi, kupempha mvula ndi kutsegulira nyengo yolima. Sadikira bingu kuti akumbuke khasu. Alendo amabwera pa magalimoto onyezimira, amawomba m'manja, amayamikira nzeru za makolo. Wina atati pachipata aliyense aonetse sipeya yake asanalowe, mipando yambiri ya kutsogolo ingakhale yopanda anthu.

Komatu kunola nkhwangwa ya masiku ano si ntchito yotulutsa thukuta. M'mbali mwa msewu pa Chongwe omata matayala alipo, ndi kompuresa yawo, beseni la madzi akuda loonera pobowoka, ndi nyundo yomwe yaona zambiri. Popopetsa matayala anayi aja, tulutsaninso lachisanu. Yesani jeke ngati ikukwera, ndi sipanala ngati ikugwira manati a galimoto yanuyo, osati ya galimoto yomwe munagulitsa. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi onena tsiku lobadwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mphira amakalamba ngakhale asanapondepo phula, ndipo a Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka khumi lichotsedwe, ngakhale la sipeya lomwe mizere yake ikadali yakuya. A nyumba zoyenda, tsitsani chitayala chanucho kamodzi muli pabwalo la kwanu, kuti mudziwiretu ngati banja lanu lingapirire ntchitoyo.

Katswiri weniweni pa msewu umenewu alibe laisensi. Ndi mkulu uja wa njinga, matumba a makala atawasanja kuposa mutu wake, atawamanga ndi malegeni odulidwa ku machubu akale. Pansi pa chishalo pamakhala kapepala ka zigamba ndi sulushoni, pampu ili pa felemu. Iye chubu chikabowoka amakhala pamthunzi, n'kumata, n'kumapita. Ndiye amene amaima akaona bwana wa tayi ali chilili pambali pa galimoto yodula, foni ili m'mwamba kusaka netiweki.

"Bwana, kwagwanji?"

"Tayala, mudala. Sipeya ilipo koma ilibe mpweya."

Mkuluyo amaizungulira galimoto, amalidina tayala ndi chala, n'kuvomereza kuti ilibedi. Kenaka amamasula malegeni, amatsitsa thumba limodzi n'kulibisa pa tchire, pamalo pake n'kumangapo sipeya ya bwana kuti akaipopetse pa Chongwe.

"Ndikulipirani zingati?"

"Mtengo wa thumba limodzi, bwana, wa ku Lusaka. Yakhala pampando wa makala, ndiye idule tikiti ya makala. Kubwera nayo tikambirana ndikafika."